Mphete za Galasi la Mfuti ndi Mkono wa a Shaba

Mzimba boma, pakati pa zaka za m'ma 1970

Ana anga, chigawo ichi ndakhala ndikuchizemba. Mumadziwa kuti bambo anu anapha mkango kufupi ndi Embangweni, ndipo ena mwa inu munkanyadira nkhaniyi kusukulu. Kupha ndinaupha ndithu, koma nkhani yake si mmene munaimvera.

Ndinafika ku Mzimba pa basi kuchokera kwathu ku Ntchisi, ndili ndi sutikesi imodzi, kalata ya ntchito ndi khadi la chipani m'thumba, pakuti masiku amenewo wopanda khadi ngakhale mumsika ankamubweza pachipata. Ntchito yanga inali ya mlenje wa boma. Nguluwe zikamaliza chimanga, afisi akamagwira mbuzi, kapena kambuku akazolowera khola, anthu ankatumiza uthenga ku boma ndipo ine ndinkapita ndi mfuti. Ofesi yathu inali kachipinda kamodzi kokhala ndi tebulo, mipando iwiri ndi kabati yachitsulo yosungiramo mfuti. Bwana wathu anali a Likoswe, munthu wa ku Chiradzulu, wamfupi, wosakonda kubwereza mawu. Kwa zaka zitatu mlenje ndinali ndekha. Kuyambira ku Euthini mpaka kumalire a Kasungu, akati "wa mfuti wabwera" ankanena ine.

Kenako anatitumizira mlenje wachiwiri, a Lameck Shaba, kwawo ku Engutwini. Anali wamng'ono kwa ine ndi zaka zisanu, wamtali, woseka msanga. Tikafika m'mudzi, ine ndinkayamba ndi Chichewa changa, anthu n'kumandiyankha mwaulemu koma mwachidule. A Shaba akangopereka moni m'Chitumbuka kuti "Monire mose," nkhani zinkatuluka zokha: komwe nguluwe zimamwa madzi, munda womwe zimayambira, ngakhale yemwe amatchera misampha mobisa. Nkhuku ankaphera iwo, ine n'kudya nawo ngati wowaperekeza. Sanandilakwirepo kanthu. Ankanditchula "akulu," ankandinyamulira chikwama, ndipo ulemu umenewo unkandiwawa kuposa mwano.

Chaka chotsatira kunabwera mfuti ziwiri zatsopano, zazikulu, zofanana ndendende. Koma imodzi yokha ndiyo inabwera ndi galasi. Galasi la mfuti ndi kapaipi kakuda kamene kamakhala pamwamba pa mpope. Ukasuzumiramo, nyama ili tsidya la dambo imaoneka ngati ili pakhomo, ndipo mkati muli timizere tiwiri topingasa tosonyeza pomwe chipolopolo chigwere. Chimene chimaligwira ku mfuti ndi mphete ziwiri. Za mfuti imeneyo zinali zachitsulo cholimba, iliyonse ya masikuluwu anayi, ndipo m'mbali zinali ndi timakono toti ukatikoka galasi lonse linkachoka nthawi yomweyo. Ndinaigwira mfutiyo ndisanauzidwe, poganiza kuti ndi ya wamkulu. A Likoswe anaichotsa m'manja mwanga n'kuipereka kwa a Shaba.

"Bwana, ine ndakhala pano zaka zinayi," ndinatero a Shaba atatuluka.

"Ndikudziwa, a Mbewe. Kuwombera mumatha, koma mumafulumira. Galasi limafuna munthu wodikira."

Akanakhala kuti a Likoswe ndi a kumpoto, ndikanadzitonthoza kuti akondera wakwawo. Koma anali mlendo m'boma lija ngati ine ndemwe, choncho chonamizira ndinalibe. Kuyambira pamenepo a Shaba ankagwetsa nguluwe pa mtunda umene ine sindinkaiona n'komwe bwinobwino. Dzina lawo linayamba kumveka pamisonkhano ya mafumu. Madzulo ndinkawapeza pakhonde la ofesi akupukuta galasi lija ndi kansalu kofewa, akuimba chamumtima, ine n'kulambalala ngati sindinawaone.

Ku Viphya ndi kumsika, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Mwezi wina wa nyengo yozizira ananditumiza ku nkhalango ya paini ku Viphya, komwe anyani ankasenda mitengo. Kumeneko ndinamva kuti mzungu wina wa zankhalango akubwerera kwawo ndipo akugulitsa katundu. Ndinapita kukaona mipando, koma pa tebulo, pakati pa mabuku ndi nyale, panali galasi la mfuti. Mfuti yake anali atagulitsa kale, ndipo mphete zinapita nayo. Chifukwa chopanda mphete analigulitsa motchipa. Ndinalikulunga m'malaya n'kulibisa pansi pa chikwama ngati ndaba.

Galasi lopanda mphete ndi chidole chabe. Ndinalemba kalata ku sitolo ina ya mfuti ku Limbe. Yankho linabwera patatha milungu itatu: mphete zachitsulo zoyenera mfuti yanga zinalipo m'buku lawo koma osati m'sitolo, zinkayenera kuitanitsidwa kunja, ndipo katundu wakunja masiku amenewo ankavuta ngati mafuta a galimoto. Mtengo wake unali pafupifupi malipiro anga a miyezi iwiri. Amayi anu anali ndi pakati pa Esnart, enanu anayi mukufuna yunifolomu. Njira imeneyo inatsekeka.

Ndinabwerera ku Viphya kukaonana ndi a Kumwenda, makaniko wa pa fakitale yocheka matabwa, munthu wachikulire amene ankasema zitsulo pa makina. Anayeza galasilo ndi kachipangizo kawo, anayang'ana timipata ta pamwamba pa mfuti yanga momwe mphete zimalumira, kenako anandifotokozera bwinobwino ngati mwana wasukulu.

"Zinthu n'zitatu, adada. Choyamba, bowo la mphete lifanane ndi paipi ya galasi, osati lalikulupo pang'ono, osati laling'onopo pang'ono. Chachiwiri, zitalike mokwanira kuti mutu wa galasi usagunde mpope, koma zisapitirire, mungamasuzumire mutakweza khosi ngati nkhuku ikumwa madzi. Chachitatu ndicho chachikulu chomene: mfuti iyi imamenya. Mphete ya kumbuyo ikhale ndi kadzino kolowa m'kabowo aka. Popanda kadzino, mbwenu galasi lizitsetsereka pang'onopang'ono, inu osadziwa."

Anati andipangira zachitsulo pa mtengo woti ndikanakwanitsa popanda kuvutitsa banja, koma ndidikire miyezi iwiri, chifukwa macheka a fakitale ndiwo anali patsogolo. Ndinavomera, tinagwirana chanza. Ndikanangodikira, mukanawerenga chigawo china pano.

Sabata yomweyo a Shaba anapha kambuku amene anavutitsa midzi itatu, ndipo mkulu wina wa chipani anawatchula dzina pamsonkhano, anthu n'kuwomba m'manja. Ine ndinali kumbuyo, ndikuwomba nawo. Loweruka lake ndinapita kumsika wa Mzimba, kwa munthu wina wokonza mawotchi ndi matochi amene ankabweretsa tinthu kuchokera ku Zambia. M'kabokosi kake munali mphete ziwiri za aluminiyamu, zopepuka ngati zivindikiro za mabotolo, iliyonse ya sikuluwu imodzi. Iye mwini anandiuza poyera kuti n'za mfuti ya mpweya yophera mbalame. Mtengo wake unali wa nkhuku imodzi. Kadzino panalibe. Bowo linali lalikulupo, ndipo mano ake sankaluma bwino pa mfuti yanga. Zonse zimene a Kumwenda ananena ndinkazikumbukira nditaima pomwepo, koma ndinagula.

Kunyumba ndinapala manowo ndi tupa mpaka analowa. Pofuna kudzaza mpata wa m'bowo ndinadula kachidutswa ka chubu cha njinga n'kukulunga paipi ya galasi. Amayi anu ankandiyang'ana akusankha nyemba pakhonde.

"Kodi a Likoswe akudziwa kuti mukusema mfuti ya boma?"

"Sindikusema mfuti, ndikusema mphete."

"Nanga a Kumwenda aja?"

"Akuchedwa."

Anangopitiriza kusankha nyemba.

Zipolopolo zinali zosowa, moti ndinatha kupatula zisanu zokha zoyesera. Ndinapita kuseri kwa chulu china kutsidya kwa mtsinje, ndinakhoma pepala pamtengo. Zitatu zoyamba zinagwera pamodzi, pafupi ndi pakati, ndipo ndinaseka ndekha kutchireko. Chachinayi chinapita kumanja. Chachisanu chinapitiriranso kumanja, kunja kwa pepala. Nditayang'ana galasi ndinaona kamzere konyezimira pomwe linatsetsereka m'mphete. Ndinatenga sikuludiraiva kuti ndimangitse, koma sikuluwu ya kumbuyo inangozungulira osagwira. Mazinga ake anali atadyeka. Ndinabwezera galasi pamalo pake ndi dzanja, ndipo ndinadziuza kuti pa nyama chofunika ndi chipolopolo choyamba chokha. Ndikulemba izi kuti pasadzakhale wonena kuti bambo sankadziwa. Ndinkadziwa.

Kufupi ndi Embangweni, chilimwe cha chaka chomwecho

Uthenga unabwera kuti mkango wagwira ng'ombe zinayi m'mudzi wina cha kumalire a Zambia. A Likoswe anatituma tonse awiri. Ndinatulutsa mfuti yanga m'kabati ilibe galasi, n'kukalimangirira tili m'njira. A Shaba ataliona anasangalala ngati ndi lawo.

"Akulu, mwapeza! Liwemi chomene ili, labwino zedi." Kenako anagwira mphete, anazigwedeza pang'ono ndi chala, nkhope n'kusintha. "Koma izi mwaziyesa?"

"Ndaziyesa. Samalani zanu."

M'mawa mwake tinatsata mapazi kuchokera pakhola. Amuna a m'mudzimo tinawauza kuti atsalire kumbuyo, paphiri, poopa phokoso. Dzuwa litakwera pang'ono tinauona. Unali wamphongo, wokalamba, utagona pansi pa mtengo m'mphepete mwa dambo, mapazi ngati makumi asanu ndi atatu kuchokera pomwe tinabisala. Kumbuyo kwake kunali bango lowirira. A Shaba anali atagwada kale, mfuti itatsamira pa nthambi, ndipo malo awo anali abwino kuposa anga. Ndinawagwira phewa.

"Uyu ndi wanga," ndinanong'ona.

Anandiyang'ana, anayang'ana mphete zija, kenako anatsitsa mfuti yawo. Ndinali wamkulu, ndipo iwo analeredwa mwaulemu.

Ndinaika timizere pa phewa la mkango n'kukhethemula. Chipolopolo chinalowa m'mimba, chakumbuyo. Mkango unadumpha ukubangula, unagwa, unadzuka n'kulowa m'bango a Shaba asanapeze mpata.

Mkango wovulala susiyidwa pafupi ndi mudzi. Lamulo lathu linali loti wovulaza ndiye amatsogola. Koma m'bango galasi ndi mdani, chifukwa nyama imatulukira pamphuno pako ndipo m'galasi umangoona mdima wa masamba. A Shaba anakoka timakono tija, galasi lawo linachoka, analiika m'chikwama. Ine ndinalimbana ndi sikuludiraiva. Sikuluwu yodyeka ija inkangozungulira, osamanga, osamasuka. Galasi linakhala pomwepo, likutchinga poyang'anira pa mfuti.

"Lekani, akulu. Nitsogolenge ine. Inu mukhale kumbuyo kwanga, chakumanzere."

Tinalowa. Sitinayende mapazi makumi atatu. Ndinamva kulira kwakufupi, bango linagawanika, a Shaba anawombera kamodzi n'kuumenya pachifuwa, koma unawafika. Unawagwetsa chagada n'kuwaluma mkono wamanja pamwamba pa chigongono. Ndinamva fupa likuthyoka. Sindinayang'anire paliponse. Ndinathamanga, ndinagunditsa mpope m'nthiti mwake n'kuwombera, n'kuwomberanso. Unawagwera pamwamba.

Amuna aja anabwera ndi ngolo ya ng'ombe, tinawatengera a Shaba ku chipatala cha mishoni. Podikira ngoloyo, nditamanga bala ndi malaya anga, ndinatenga mwala n'kumenya mphete zija mpaka zinathyoka. Zidutswa ndinaziponya m'bango, galasi n'kulibisa m'chikwama. Mnzanga ali chigonere m'magazi, ine ndinapeza nthawi yochita zimenezo.

Masabata awiri otsatira

A Likoswe anafika tsiku lachiwiri. A Shaba anali ndi malungo aakulu, osazindikira munthu. Anthu a m'mudzi sanaone yemwe anayamba kuwombera, anangomva kulira kwa mfuti. Bwana anayang'ana chikopa, bala la m'mimba, la pachifuwa ndi awiri a m'nthiti, n'kumaliza okha nkhani. Wa galasi ndiye anawombera patali n'kuphonya, wopanda galasi ndiye anapulumutsa mnzake. Sanandifunse zambiri, ndipo ine sindinawatsutse.

Mwini ng'ombe zija anali m'bale wa mkulu wina wa chipani, choncho nkhani inamveka msanga. Ananditchula dzina pamsonkhano. Azimayi ankaloza ine mumsika. A Likoswe anati alembera kulikulu kuti andikweze, ndipo za a Shaba anati aona akachira, popeza kuvulaza mkango pafupi ndi mudzi unali mlandu woti munthu akhoza kuchotsedwa nawo ntchito. Sindikubisirani, masiku amenewo ndinkamva kukoma. Zimene ndinazilakalaka zaka zonse zija zinali m'manja mwanga. Amayi anu okha ndiwo sanandiyamikire. Tsiku lina akuchapa anapeza galasi m'chikwama, analiika pa tebulo n'kufunsa kuti, "Mphete zija zili kuti?" Ndinati zinatayika. Anangobwerera kochapa.

Lamlungu lachiwiri ndinapita kukawaona a Shaba. Ndinawapeza atakhala tsonga, mkono uli m'pulasitala, ataonda. Akazi awo, a NyaTembo, anandigwadira n'kundithokoza kuti ndawapulumutsira amuna awo, "Yewo chomene, adada, mwatiponoskera," kenako anatuluka kukatunga madzi. Tinatsala awiri.

"Bwana anabwera dzulo," anatero a Shaba motsitsa mawu. "Anandifunsa yemwe anayamba. Ndawauza kuti nkhukumbuka yayi, mutu unasokonezeka."

"Koma mukukumbukira."

"Ndikukumbukira zonse, akulu. Koma muli ndi ana anayi, wachisanu ali m'njira. Ine mkono uwu adokotala akuti sudzanyamulanso mfuti, mbwenu ntchito yathera pomwepa kale. Tisafe tonse awiri. Ndapota, musakanene kanthu."

Mungaganize kuti ndinalira kapena kupepesa. Ayi. Chimene chinandigwira ndi mkwiyo. Munthu uyu anandiposa pa chilankhulo, anandiposa pa kuwombera, tsopano ali pabedi ndi mkono wothyoka akundiposanso pa mtima. Ndinaona moyo wanga wonse kutsogolo: ine pa udindo, ndikudya malipiro okwera, iye ali ku Engutwini akulima ndi dzanja limodzi, tonse awiri tikudziwa yemwe ali munthu pakati pathu. Zimenezo sindikanazipirira.

Lolemba m'mawa ndinalowa mu ofesi, ndinaika galasi pa tebulo la a Likoswe n'kufotokoza zonse, kuyambira kumsika mpaka mwala uja. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anatsegula kabati ya tebulo, anatulutsa kalata yondikweza imene inali isanatumizidwe, n'kuing'amba pakati.

"Mukanakhala chete palibe akanadziwa. Mwaneneranji?"

"Sindikufuna chifundo cha a Shaba, bwana."

"Ndinkayesa munena kuti chikumbumtima," anatero. "Chabwino. Tulukani."

Abusa ena amene ndinawafotokozera nkhaniyi patapita zaka anati Mzimu ndiwo unanditsogolera. Mwina. Ine chimene ndinachimva m'chifuwa tsiku limenelo ndi nsanje yomwe ija, itangovala malaya ena.

Euthini, zaka za m'ma 1980 mpaka kupuma

A Likoswe akanatha kulemba kuti ndinawononga katundu wa boma, ndipo masiku amenewo mawu otero ankatha kumufikitsa munthu kutali. Analemba zochepa. Ndinalandira kalata ya chenjezo, anandilanda mfuti yaikulu, n'kunditumiza ku Euthini ndi mfuti yakale ya machaka kuti ndizithamangitsa anyani ndi nguluwe. Esnart anabadwira kumeneko, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Kukwezedwa sikunabwerenso.

A Shaba sanachotsedwe. Mkono unachira koma unauma, sunkapindika. Anawapatsa ntchito ya mu ofesi, anaphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere, anawatumiza kukosi ya maphunziro, ndipo a Likoswe atasamutsidwa iwo ndiwo anakhala bwana. Tchuthi changa chilichonse, zipolopolo zanga zilizonse, zinkadutsa pa siginecha yawo yopendekeka. Sanandikumbutsepo za m'bango ngakhale kamodzi. Ankabwera ku Euthini pa galimoto ya boma, ine n'kuwalandira nditatsamira njinga yanga, ndipo ankanditchulabe "akulu" pamaso pa dalaivala. Ndinkayang'ana nsapato zawo zopukutidwa, n'kumaganiza kuti chipolopolo changa chomwe ndicho chinawakweza.

Tsiku lomwe ndinapita ku boma kukasainitsa mapepala opumira, a Shaba anandiuza kuti nditseke chitseko. Anasaina pang'onopang'ono, kenako anakhala akuyang'ana pawindo.

"Nguluwe zikadalipo zambiri kumtsinje kuja?"

"Zilipo. Sabata yatha ndinagwetsa ziwiri mame asanaume."

"Mame," anatero, ngati akulawa mawuwo. "Akulu, mukudziwa kuti mukabwera kuno ndi malipoti, fungo la utsi ndi thengo lili m'malaya, ine tsiku lonse ntchito siyenda? Zaka zonsezi ndakhala pampando uwu ndikukuchitirani nsanje. Nthawi zina ndinkachedwetsa dala mafomu anu, kuti mubwerenso."

Ndinayang'ana mkono wawo uli gone pa tebulo ngati chikuni. Ndikanayenera kugwada pamenepo n'kunena mawu opepesa amene ndinali ndisanawanenepo chiyambire. Sindinawanene. Ndinatenga mapepala anga, ndinathokoza, ndinatuluka. Ndipo pa msewu wopita kudepoti ya basi ndinazindikira kuti ndikuyenda mopepuka, ndikumwetulira, chifukwa a Shaba nawonso ankasirira kanthu kanga.

Anamwalira patatha zaka zitatu, ine ndili kuno ku Ntchisi, ndipo uthenga unandipeza ataikidwa kale. A NyaTembo akadali moyo ku Engutwini. Iwo mpaka lero amadziwa kuti ndine amene ndinapulumutsa amuna awo, chifukwa a Shaba sanawauze china. Ndapempha Esnart kuti akalembenso masamba awa bwinobwino m'Chitumbuka. Mvula ikatha tikwera basi tonse awiri, ndipo ndikawawerengera ndekha.